Madontho oyera pa suti ya a Loya

Lolemba, 13 Januwale

Pepa kope langa. Ndinakugula kuti ndizilembamo miyeso ya zovala, koma lero ndikuvutitsa ndi zanga. Pakamwa panga mawu satuluka, ndiye uwasunge ndiwe.

Simbi ya nthunzi yalavula zoyera pa suti yakuda ya a Loya, pakolala ndi paphewa lakumanzere. Abwana andikalipira pamaso pa makasitomala awiri: "Iwe Chete, m'manja mwakomo umasamba?" Zaka zitatu ndikusita pashopu ya telalayi, sindinawotchepo ngakhale kansalu kamodzi. Si ine.

Lachiwiri, 14 Januwale

Yalavulanso, pa siketi yabuluu ya kasitomala wina, a Nesi. Abwana ati Loweruka abweretsa mwana wa mlongo wawo adzasite m'malo mwanga. A Mabatani, mayi amene amasokerera mabatani pakona, anandinong'oneza: "Ameneyo kusita kwake n'kuika malaya pansi pa matiresi." Sindinaseke. Simbi ndaipukuta kanayi, pansi pake pali mbee. Zoyerazo zikuchokera m'timabowo.

Lachitatu, 15 Januwale

M'mawa kunyumba achemwali anga ankadandaula pochapa kuti sopo wa masiku ano alibe thovu. Ndinasuzumira m'ketulo yathu. Mkati monse mwamata zoyera ngati choko. Ndinapala ndi supuni, n'kufikisa pa nsalu yakuda. Madontho omwe aja.

Masana kushopu kunabwera wowerenga mita ya madzi. Ndinamutsatira mpaka pageti, ndinatsegula pakamwa kawiri osatuluka kanthu. Kachitatu ndinafunsa ngati madzi asintha. Anati eya, kuyambira mwezi watha mbali yathu ino ikulandira madzi a m'zitsime zakuya zatsopano, ndipo amadutsa m'miyala ya laimu. Kumwa alibe vuto, koma akawira amasiya laimuyo. "Mwazindikira nokha, achemwali? Ena akungotukwana sopo."

Lachinayi, 16 Januwale

Ndawauza abwana, mawu onse anatuluka. Anaseka mpaka tepi yoyezera inagwa m'khosi. "Wa kupulayimale wayamba kuyeza madzi? Madzi ndi madzi, Chete. Mmisiri woipa amanamizira chipangizo."

Chabwino. Mvula yagwa madzulo, ndatchera ndowa pansi pa malata. Madzi oyamba ndinataya chifukwa cha fumbi.

Lachisanu, 17 Januwale

Mabotolo awiri ofanana. Ndamanga ulusi wofiira pa la madzi a pampopi, woyera pa la madzi a mvula. Madzi ofika pamzere umodzi. Sopo ndadula ndi lumo tizidutswa tiwiri, ndayerekeza pa rula. Kukhutchumula kamakumi awiri lililonse.

La mvula, thovu mpaka pakhosi. La pampopi, madzi otuwa ndi tinyenyeswa toyandama. Ndabwereza katatu kuopa kuti ndalakwitsa. Katatu konse chimodzimodzi.

Achemwali ati ndingopepesa, ntchito ikusowa. Ndipepese chiyani? Mpopi ndinaika ndine?

Loweruka, 18 Januwale

Ndinalawirira, ndinatsuka simbi mkati ndi viniga monga anandiuzira wowerenga mita, n'kuthiramo madzi a mvula. Suti ndinaipukuta ndi burashi yonyowa, ndinaisitanso. Yakuda bii.

A Loya atafika, mwana wa mlongo wa abwana anali atakhala kale pampando wanga. Ndinaika mabotolo patebulo lodulira nsalu. Sindinalankhule zambiri, ndinangoti, "Awa a pampopi, awa a mvula," n'kukhutchumula. A Loya anavala magalasi, anatenga okha mabotolo, anabwereza. Kenako anati, "Nanga shawa ya kwathu yotsekeka ija, ine ndathamangitsa pulambala wosalakwa." A Mabatani anatsokomola dala.

A Loya atapita, abwana anandiitanira kuseri kwa katani, kumene amayezera anthu, n'kunena motsitsa mawu: "Basi zatha, Lolemba ubwere monga mwa masiku onse." Ndikutuluka ndinawaona akuika beseni pansi pa denga, akuyang'ana uku ndi uku.

Lamulungu, 19 Januwale

Kundinyoza pagulu, kundikhululukira kuseri kwa katani. Ayi.

Lolemba, 20 Januwale

Sindinapite. Yunifolomu ndaichapa ndi madzi a mvula, ili pa hang'ala. Achemwali sakundilankhula. Ndang'amba tsamba lako limodzi, kope langa, pepanso. Ndalemba kawiri ndi pensulo, kachitatu ndi cholembera, ndawapatsa a Mabatani podutsa:

"Abwana, m'manja mwanga ndimasamba. Munandifunsa zimenezi anthu akumva. Ndibwera tsiku limene mudzanene, anthu akumvanso, kuti anali madzi. Simbi musathiremo a pampopi, iwonongeka. Nsalu za a Nesi zikufunika Lachitatu ndipo zili ndi mapindo ang'onoang'ono makumi atatu. Chonde mundiyankhe msanga."