Khosi la Gitala ya Ababa

Mangochi,
14 Ogasiti, 1994

Okondedwa achemwali a Leticia,

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri, anabwera nayo ndi amalonda a nyemba ochokera ku Mandimba. Ndamva kuti nyumba ya ababa mwamaliza kufolera, ndiponso kuti ukwati wa mwana wanu Lusia uli pa 3 Seputembala. Ife kuno tilipo. Mwafunsa kawiri konse ngati ababa adzabwere ndi gitala yawo, poti mwauza kale mudzi wonse kuti adzaimba paukwatipo monga ankachitira nkhondo isanayambe. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa ndikayankha mwachidule mudzati mlongo wanu wapenga.

Makina amene anabwera kushopu kwathu chaka chatha, aja anatumiza azungu othandiza othawa nkhondo, simunawaone. Ndi chitebulo chachikulu chokhala ndi kampeni kozungulira, pambali pake pali kompyuta. Munthu umalemba manambala mukompyutamo, kutalika kwa chinthu, kunenepa kwake, pamene chapindika, kenako umamanga thabwa patebulopo, kampeni kaja n'kumayenda kokha popanda wokagwira. Woyendetsa ndi a Bakali, bambo wa ku Makanjira amene anakaphunzira ku Blantyre. Ine yanga ndi kuyeza, kusankha matabwa ndi kusalaza pomaliza. Poyamba tinkasema miyendo ya mipando, koma makwaya ndi oimba m'mabandi atatidziwa tinayamba kusema makosi a magitala, mtengo wautali uja zala zimayendapo. Munthu amabwera, timamuyeza chikhatho, n'kumusemera khosi lomukwana iyeyo. Ntchito imene ndinkalimbana nayo masiku anayi ndi pulena, makinawa amaimaliza tisanapite kukadya masana. Ndinkanyada nawo ngati ndinawabereka ndine.

Gitala ya ababa mukuidziwa kuposa ine. Mutawasiya kwa ine mu Meyi muja ndi pamene ndinaiyang'anitsitsa koyamba, ndipo ndinachita manyazi. Khosi linali lopindika, long'aluka chakumutu, lomangidwa ndi mphira wa njinga. Kumbuyo kwake kunali mabala atatu akuya ngati wina anatemapo ndi mpeni. Ndinati mumtima, mwana wawo ndi kalipentala wa m'tauni, iwo n'kumaimba chikuni!

Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala masiku asanu chifukwa cha malungo. Musadandaule, anachira. Ine ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinkafuna kuti akafike kwathu ndi chinthu chooneka, anthu aziti Luciano sanangodya nsomba ku Malawi, anaphunzirako ntchito. Ndinachotsa khosi lija, ndinaliyeza mbali zonse, ndinasankha mbawa youma bwino imene ndinkaisungira tsiku lalikulu. A Bakali ali mkati molemba manambala anatembenuza khosilo n'kuima kaye.

"Nanga mabalawa, achimwene? Tiwalembenso?"

"Mulembe mabala? Ine ndabwera kudzachiritsa, osati kudzakopera matenda."

"Koma akuoneka ochita kusema dalatu awa. Taonani mmene asalalira m'mphepetemu. Bwanji mukawafunse kaye madala?"

"Ndikawafunsa akana. Akuluakulu mukuwadziwa, chinthu chingathe bwanji sataya. Lembani losalala."

"Haya, gitala ndi yanu," anatero a Bakali.

Amati safunsa anadya phula, achemwali. Ine ndinachita kuuzidwa kuti ndikafunse, n'kudyabe.

Khosi linatuluka lokongola, sindinama. Ndinalisalaza, ndinakhomapo tizitsulo take, ndinalipaka vanishi, n'kumanga nsambo zatsopano. Lakale lija ndinaliponya pamulu wa zidutswa kuseri kwa shopu. Pashopu pathu Lachisanu lililonse zidutswa timapatsa amayi owamba nsomba, amabwera ndi madengu n'kutolatola zonse. Zimenezi ndimazidziwa bwino, nthawi zambiri wowasenzetsa ndimakhala ine.

Ababa anatuluka m'chipatala Lolemba m'mawa. Ndinawayalira mkeka pakhonde, n'kuwaikira gitala pamiyendo, ine n'kuima poteropo ndikumwetulira ngati angandione. Anapapasa thupi lake, analidziwa. Kenako chala chawo chachikulu chinatsetsereka kumbuyo kwa khosi, kuchokera kumutu mpaka kumunsi, n'kubwerera. Chinatero katatu.

"Iyi nja yani?"

"Ndi yanu, ababa. Ndakusemerani khosi latsopano pa makina."

"Nanga lija?"

"Linali litatha. Linali ndi mabala."



"Wasalaza bwino," anatero. "Mabala aja anasema ndi amako."

Anandifotokozera ndi mawu otsika, ngati akunena za mvula ya chaka china. Akuti bomba lokwirira lija litawaphulitsa maso n'kuwadula zala ziwiri, sankathanso kupeza pogwira. Ku kampu ya othawa nkhondo kuja amayi ankakhala nawo pansi, kuwagwira dzanja n'kumalisuntha mpaka nsambo zitalira bwino, ndiye pomwe pafika chala chachikulu n'kusemapo ndi mpeni wawo wosendera chinangwa. Akuti zinawatengera dzinja lonse, ndipo bala lachitatu analisema kutatsala mwezi umodzi kuti amwalire. Inu munalipo, mukudziwa zonsezi. Ine ndinali kuno m'tauni ndikuphunzira kusalaza matabwa. Palibe anandiuza, koma inenso zaka zonsezi sindinafunsepo kuti munthu wosaona, wa zala zitatu, amaimba bwanji. Ndinkangoti ndi mphatso.

Ndinathamangira kwa owamba nsomba aja. Mayi Awa, amene anatola mulu wa Lachisanu limenelo, analikumbukira msanga.

"Kamtengo ka tizitsulo kaja? Kanayaka bwino, mwanangu, kanali kouma. Tizitsulo take tili m'phulusamo ngati mukutifuna."

Sindinalire. Ndinawathokoza, ndinagulanso nsomba ziwiri, mpaka lero sindidziwa kuti ndinaziguliranji.

A Bakali atamva anagwira pakamwa, koma sananene kuti ndinakuuzani, Mulungu awadalitse. Anati makinawa akhoza kusema mabala atatuwo mosaphonya ngakhale pang'ono, bola ndiwapatse manambala. Manambala ndinalibe. Khosi lija ndinaliyeza paliponse kupatula pamabalapo. Ndinapita kwa ababa ndi pensulo, ndinawapempha kuti aike chala pamene panali mabala kuti ndilembepo. Anayesa kamodzi, pofuna kundisangalatsa. Zala zinagwera pena, nsambo zinalira zosamveka, ndipo mwini nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kuti aone amene akuphunzira gitala. Ababa anachotsapo dzanja.

"Usavutike, mwanawe. Malowo tikhoza kuwapeza, kaya mawa kaya mkuja. Koma ndikamagwirapo ndizikumbukira yani? Makina?"

Chiyambire tsiku limenelo sanaikhudzenso. Akudya, akusamba, akupereka moni kwa odutsa. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo ndikanakonda akanatero. Akamandiitana amandiitana mofatsa ngati mlendo. Ine ndimadzuka, ndimapita kuntchito, ndimabwerako. Manambala a khosi latsopano lija anatsala mukompyuta, ndipo tasemapo kale makosi ena atatu chifukwa oimba akuti likugwirika bwino. Akulitcha khosi la a Luciano. Wowasalaza ndi ine ndemwe, ndipo ndikamasalaza sindimva kanthu. Mumtimamu ndachita dzanzi, monga umachitira mwendo ukaukhalira nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti kupweteka kudzabwera, koma sikunafike.

Tsopano ndikuyankheni. Ababa adzabwera pa lole ya obwerera kwawo ya pa 24, dzina ndawalembetsa kale. Gitala sidzabwera. Dzulo ndinkaikulunga m'thumba pamodzi ndi zovala zawo, iwo anamva nsambo zitakhudzana ndi chiguduli.

"Isiye imeneyo," anatero. "Ndi yako, unapanga ndiwe."

Ndiye ndili ndi zopempha, achemwali. Mukawachingamire pamene amatsitsira anthu, chifukwa m'chigulugulu amasokonezeka, ndipo mankhwala awo ndidzawasokera m'thumba la jekete lakumanzere. Mupeze woimba wina nthawi ikanalipo. Muwauze anthu iwo asanafike, kuti pasadzapezeke wina wofuula pagulu kuti madala tiimbireni ija. Akakufunsani chifukwa chake musanamizire nkhondo. Nkhondo inawatenga maso ndi zala koma nyimbo inawasiyira. Munene kuti ndi Luciano.

Ine paukwati sindidzakhalapo. Kwa ena mudzati ntchito yachuluka, ndipo sikudzakhala kunama kwenikweni. Lusia ndamupangira kabokosi kosungiramo zovala, kadzabwera pa lole yomweyo. Mumuuze kuti amalume ake amufunira banja la mtendere, ndipo andikhululukire poti agogo ake sadzamuimbira.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mukapita kumunda wakale mukandionere ngati mango aja anapulumuka.

Ababa ali pompano pakhonde. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Akuti akupatsani moni, akuthokoza chifukwa cha nyumba, ndipo akuti tsiku la ukwatilo mudzawaikire mpando kumbuyo, kutali ndi oimba.

Ndine mlongo wanu,
Luciano