Ati Kuseka Kwathu ndi Phokoso

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Perth tilipo. Kumudzi akazi a achimwene a Yohane achira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti chimanga chachita bwino ku Dedza, koma mbatatesi zawola ndi mvula. Ine maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba kuno ku Armadale, dera lathu la mu Perth, apsa ndi dzuwa, atsala awiri okha. Koma chandikhazika pansi lero ndi mkwiyo, Amayi.

Mdzukulu wanu Tadala, uja munkamubereka kumbuyo, tsopano ali ku yunivesite. Kalasi yawo ikufufuza za phokoso la m'sitima ndi m'mabasi, kuti adziwe lomwe limasowetsa anthu mtendere. Anandipempha kuti ndikakhale mmodzi wa oyesedwa, poti ndimakwera sitima tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Ndinavomera, za sukulu ya mwana sukana.

Anandikhazika pampando m'kachipinda, n'kundiveka chimagalasi chophimba nkhope ndi zomvera m'makutu. Amayi, zinthu zake! Thupi lili m'chipinda, koma maso akuona kuti ndili m'sitima, mipando, mawindo, mitengo ikuthawira kumbuyo. M'manja anandipatsa kabatani kosankhira nambala: wani ngati phokosolo silikundivuta, teni ngati likundinyansa.

Anayamba ndi kulira kwa mabuleki, ndinapereka seveni. Kenako ndinamva azimayi awiri akukumana. "Iii, anzanga, mwasowatu!" Winayo n'kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Chinali Chinyanja cha anzathu a ku Zambia, koma ndi chathu chomwechi. Misozi inalengeza m'chimagalasimo. Ndinapereka wani, ndipo pakanakhala ziro ndikanapereka ziro.

Atandivula, mphunzitsi wawo, bambo waulemu ndithu, anandifunsa ngati ndinamvetsa malangizo. Ati mwina ndasokoneza manambala, chifukwa ambiri pamenepo amapereka nambala yaikulu. Ine namwino, zaka zonsezi ndikuyeza mankhwala a odwala, lero ndisokoneze wani ndi teni? Ndinamuuza kuti andionetse dzina lomwe anawapatsa mawuwo. Papepala analemba kuti kulankhula kokweza kwa chinenero chachilendo, pamndandanda umodzi ndi mabuleki. Moni wa anthu, Amayi, kumuika pamodzi ndi chitsulo chofuna mafuta! Ndinamufunsa ngati anafunsapo munthu tanthauzo la mawuwo. Anangokanda m'mutu.

Koma chondiwawa kwambiri si bamboyo ayi. Tikudikira sitima yobwerera, ndinafunsa Tadala kuti iye poyesedwa anapereka zingati. Anayang'ana pansi n'kuyankha m'Chingelezi chake chija kuti eyiti, chifukwa tikamalankhula anthu amatiyang'ana. Mwana wanga wobereka ndekha, kumva chinenero cha agogo ake n'kuchiyesa chonyansa kuposa mabuleki! Ndinafuna kumukalipira pomwepo, koma ndinakumbukira mlandu wanga.

Ndiulule lero, Amayi. Tsiku lija achimwene anaimba foni kuti mwatisiya, ndinali m'sitima yomweyo ya kuntchito. Ndinaluma mpango, osatulutsa mawu mpaka kukatsika, kuopa kusokoneza anthu oyang'ana mafoni awo. Inu amene munkalowa m'minibasi ya ku Lilongwe n'kupereka moni mpaka mpando wakumbuyo! Munkati, "Galimoto yopanda macheza yanyamula matumba, ngakhale ya maliro anthu amaimba." Koma ine mwana wanu ndinakulirani mobisa ngati ndaba. Foni yakumudzi ikalira m'sitima ndimanong'ona, Tadala akuona. Manyazi amenewa sanawatole kusukulu, ndinamuphunzitsa ndine.

Sitima yobwerera ija itabwera ndinakhala naye pafupi, n'kuyamba kumusimbira za inu m'Chichewa, ndi mawu anga onse. Ndinamuuza za tambala wanu uja anamasuka m'basi pa Linthipe n'kukatera pamutu pa abusa. Anandikodola kawiri kuti nditsitse mawu, ine osamva. Nditafika pa abusa paja, kuseka kunamupulumuka. Kenako anafunsa m'Chichewa chake chopotoka, mokweza ndithu, "Ndiye agogo anatani?" Mayi wina anatiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, koma sitima sinagwe.

Sindinena kuti mwanayu wasinthiratu. Eyiti wake akadali m'kompyuta mwawo, ndipo dzulo anandiyankhanso m'Chingelezi. Wati akauza mphunzitsi kuti asinthe dzina lija la papepala, tiona ngati alimbe mtima. Ine changa ndikulonjeza ndi ichi: sindidzanong'onanso pamaso pake, ndipo tikadzapita kumudzi Tadala adzapatsa moni mwana wa dzina lanu m'Chichewa.

Kulira kuja ndinameza m'sitima ndakulirani lero polemba kalatayi, mokweza, mawindo onse ali otsegula. Oyandikana nane apereke nambala yomwe akufuna.

Ndimakukondani, Amayi. Pumulani bwino.

Ndine mwana wanu,
Esinati