Ziwiri Zimene Ndinapatsa Daliso

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno ku komboni ya George tilipo. Mkulu wanga Tisa anachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Amalume ku Katete akolola mtedza wambiri, atitumizirako thumba pa basi. Malo anu aja pamsika anatenga mayi wina wosadziwa n'kuunjika tomato komwe, moti ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali. Koma lero ndabwera ndi mlandu, ndipo ndikufuna muumve kwa ine musanaumve m'mapemphero a ba Esnart.

Chichokereni inu ndakhala ndikukhala kwa iwo, mng'ono wanuyo. Ku yunivesite, chaka chomalizachi, anatiika m'magulu a anthu anayi. Ine ndinagwera limodzi ndi mlongo wanga Daliso, mwana wa ba Esnart, ndi anzathu awiri, Mutinta ndi Bwalya. Ntchito yathu inali yofufuza za madzi muno m'komboni: kuyenda m'makiyosiki otungira madzi, kufunsa azimayi nthawi imene amataya pamzere. Tinagawana, aliyense dera lake. Pomaliza aphunzitsi amapereka pepala loti aliyense apatse anzake mamakisi, kuyambira ziro mpaka khumi, poona ngati munthu ankabwera pokumana, ngati anamaliza gawo lake, ngati ankathandiza anzake. Mwambo wa ana asukulu ndi wongolemberana khumi khumi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Daliso pokumana sankabwera, foni sankayankha. Sabata yomaliza anangotulukira ndi mapepala ake onse odzaza bwinobwino, oyera mbee, opanda ndi fumbi lomwe. Nditawerenga ndinapeza azimayi khumi ndi awiri akuyamikira kiyosiki ya kuseri kwa tchalitchi, akuti madzi sasowa. Amayi, kiyosiki ija inauma inu musanayambe n'kudwala komwe. Madzi a pamaliro anu tinkakatunga kutsidya kwa msewu, ine ndi Tisa ali ndi pathupi pake. Nditamufunsa Daliso anangoseka, amvekere: "Iwe sisi, ba lekichala sangabwele ku George. Nindani azaziba?"

Ine ndi Mutinta tinayenda masiku atatu padzuwa kubwereza gawo lake lonse, Bwalya akulemba lipoti. Mutinta mapazi anachita matuza. Tsiku la pepala lija awiriwo anamulembera khumi, poopa kuti ndi m'bale wanga. Ine ndinalemba ziwiri, n'kulembanso chifukwa chake m'munsi mwake. Aphunzitsi anandiitana, anati zikaima choncho Daliso abwereza phunzirolo chaka chamawa, gauni savala nafe. Anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ngati ndinalakwitsa ndikakonze.

Ba Esnart atamva zimenezi anakhala masiku awiri osandilankhula. Kenako anandiimika pakhomo, nati: "Chibale ndi fupa, sichiola. Ukasinthe pepala lija, apo ayi ufune kwina kokhala. Amako akanakhalapo sakanalola zimenezi."

Apo ndiye anandiputa. Asakunamizireni, Amayi, poti simungadziyankhire. Inu amene simunabisepo tomato woola pansi pa mulu, ngakhale tsiku limene msika unali woipa chotani, ndiye mukanandiuza kuti ndisainire bodza? Munkati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munkatsinadi, khutu langa ndi mboni. Daliso palibe amene anamutsinapo chibadwire. Mbale amamutsukira, homuweki ya ku sekondale ndinkamulembera ndine. Tamulera tokha ulesiwu, ndipo ine ndatopa nawo.

Sindikunama, zikundiwawa. Ba Esnart ndi amene ankakusambitsani mutafooka, ndi amene ananditenga pamene ena onse ankayang'ana pansi. Daliso ndimamukonda, ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga. Koma kumupatsa khumi kunali kunena kuti matuza a Mutinta si kanthu, ndiponso kuti azimayi amene amaima pamzere ndi zigubu aliyense angawaikire mawu m'kamwa.

Lachisanu ndinapita. Aphunzitsi anandiikira pepala lija patsogolo ndi cholembera. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinasaina kachiwiri pansi pa ziwiri zomwezo.

Ndiye mawa Loweruka ndikusamukira ku komboni ya Marapodi, kwa Mutinta. Chipinda ndi chimodzi, matiresi ndiyala pansi. Ba Esnart ndawatsanzika ndi ulemu wonse, nditagwada monga munandiphunzitsira, ndawathokoza pa zonse. Iwo anangopitiriza kusesa. Kupepesa kokha ndiye sindipepesa, ngakhale aitanitse amalume kuchokera ku Katete.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Mlongo wanga sindimutaya. Chaka chamawa akamabwereza, akangondiitana, ndidzabwera kuchokera ku Marapodi n'kumuperekeza pa kiyosiki iliyonse ya muno mu George, dzuwa kaya mvula. Koma cholembera adzagwira yekha.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu wouma mutu uja,
Misozi