Kapulana Yobiriwira ya Mama

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira kolowa m'mafupa. Mwezi watha chimwalirireni Mama. Ndabwerera ku gulu la amayi a kutchalitchi, kosoka zikwama za makapulana, zitenje zakale, kuti anthu asiye majumbo. Ntchitoyi anaiyambitsa ndi Mama, ankadandaula kuti dimba lawo ku Lulimile layamba kubala pulasitiki m'malo mwa kabichi. Ndakhala pa makina awo. Sindinasoke kanthu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndatsegula sutikesi ya Mama kuti ndingonunkhiza fungo lawo. Mulibe kanthu! Mng'ono wanga Lígia anakokolola zonse n'kukapereka kugulu, ine ndili chigonere m'nyumba. Ati: "Mana, mkulu wanga, si zomwe Mama akanafuna?" Mwana wopanda mutu. Zovala za womwalira sizikhudzidwa abale asanagawane, ndani sadziwa? Kapulana yobiriwira ija yapitanso, imene Mama anandiberekera pothawa nkhondo kupita ku Malawi. Anandilonjeza kuti idzakhala yanga. Amayi a gulu anaidula kale, zikwama anagulitsa kumsika.

Ndalira kuposa tsiku la maliro.

Loweruka, 14 Juni

Kumsika tsiku lonse, maso pa manja a anthu ngati mbala. Majumbo akuda okhaokha, m'ngalande, m'mitengo, m'kamwa mwa mbuzi. Chikwama chobiriwira ayi. Ndikangopeza chimodzi ndidzachisomola, ngakhale kachigamba kandikwanira.

Lamulungu, 22 Juni

Azakhali Custódia afika kuchokera ku Chimbonila kudzagawa zovala. Asuzumira m'sutikesi. "Tigawana chiyani, mphepo?" Lígia wathawira kuseri kwa nyumba. Papa atenga kapote wawo, chijasi chija, n'kutuluka. Masiku ano amachoka m'mawa, sanena kopita. Ine ndi Lígia chikho chimodzi sitipatsirana. Ndamusowa, koma ndikamuona mtima ukuwira.

Lachiwiri, 1 Julayi

Ndachiona chikwama chobiriwira. Pachipata cha msika, m'manja mwa mayi wosamudziwa, chodzaza mbatata ndi usipa. Pangodya pali chigamba chija Mama anasoka ndi ulusi wofiira. Ndimati ndimuthamangire, wina n'kundigwira mkono.

Papa. Ali pabenchi ya wosoka nsapato, kapote mpaka m'khosi. Kani kopita kwawo n'kumeneku.

Ati: "Usamulande, mwanangu. Uyu amabwera Lachiwiri. Chinzake chili ndi aphunzitsi ena a ku Sanjala, amadutsa masana. Amayi ako sanasiye kubwera kumsika."

Mayiyo wakhota pa ogulitsa makala, osadziwa kanthu. Papa asendeza kundipatsa malo, ndakhala. Tadikira aphunzitsiwo mpaka dzuwa kupendeka, sanabwere.

Mawa ndiwaperekeza Papa kumsika. Ati ndibwere ndi Lígia, benchiyo ikwana atatu.