Nkhuku ya Azakhali Leisavi

Tongoa
16 Epulo

Okondedwa achimwene Kalmet,

Mukukumbukira mlendo uja anatsika pabwato mvula ikugwa, ife tili ana? Mayi anapha nkhuku yathu yomaliza, iye akudya ndiwo ife tikutafuna chinangwa kuseri. Atafunsa ngati tili ndi chokwanira, mayi anaseka nati, "Chambiri, bambo." Mawuwo andibwerera sabata ino.

Namondwe munamva. Tonse tili moyo, koma nyumba makumi asanu zasasuka m'mudzi muno, pomwe malata amene sitima ibweretse ndi a nyumba makumi atatu. Choncho kunabwera mtsikana wa bungwe lothandiza, Rolenas, kudzaona amene avutika kwambiri. Chiyankhulo chathu sachimva, ndiye womasulira ndinali ine.

Tarisong mukumudziwa, uja anakhalitsa ku tawuni ya Vila. Tinamupeza atakhala pamulu wa matabwa, dzanja patsaya. Ndinati, "Iwe, nanga nkhumba zisanu ndi imodzi zija?" Iye anati, "Mlongo, nkhumba si denga. Masulira zimene wafunsidwa." Sananame, denga linapitadi. Analembedwa pamndandanda wa olandira malata.

Kenako tinafika kwa azakhali Leisavi. Achimwene, munthu amene akugona pansi pa tebulo chifukwa cha kudontha anali atasesa bwalo, atabisa zogumuka ndi makwawule a kokonati, atabwereka mphasa yatsopano. Nkhuku imodzi imene mphepo inawasiyira inali mumphika, pamodzi ndi zilazi zosungira mbewu. Rolenas anafunsa ngati akusowa kanthu.

"Tisowenji, mwanangu? Idya, waonda ngati ndodo. Kwanuko sakuphikira?"

Azakhali anandiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa, ndipo ndinamasulira ndendende. Sindinawonjezere liwu. Dzina lawo pamndandanda palibe, ndipo mvula ikugwabe.

Chikundizunguza n'chakuti sindikupeza wolakwa. Mtsikanayo analemba zimene anaona, ndipo anachita bwino kusamvera zonong'ona za achibale, apo ayi malata onse akanathera kwa odziwana ndi womasulira. Nanga munthu amene ulemu wake wonse uli pobisa kusowa ungamuyeze bwanji? Kumeneko ku Australia amatani? Mufunseko anzanu othyola nawo zipatso.

Nditawadandaulira azakhali, anati, "Ukufuna ndilire pamaso pa mlendo pakhomo panga? Unabadwira kuti iwe?" Mawu akuti "pakhomo panga" ndi amene ananditsegula m'maso. Mwininyumba sadandaula, koma mlendo akafunsidwa amayankha, ndipo chopatsidwa sakana.

Ndinamuimbira foni Rolenas n'kumuululira zonse. Iye anati, "Agogo anga aku chilumba cha Santo ndi otero. Ndinadya nkhuku ija ndikukayika." Wavomera kubwera Lachinayi, sitima isanatsitse katundu. Tikumana kwanga. Azakhali abwera ngati mlendo wanga, akhale pamphasa yanga, afunsidwe pomwepo. Avomera, ngakhale ati zilazi zanga sindidziwa kuphika. Sindikudziwa ngati dzina lawo lilowe, kapena amene achotsedwe kuti iwo alowe. Zimenezo zikundilemera.

Nkhuku ndipha ine. Inatsala imodzi.

Moni kwa alamu ndi ana. Azakhali ati ndikuuzeni kuti ali bwino, musavutike, ali ndi zonse. Ulendo uno ndamasulira, koma ndawonjezerapo.

Ine mlongo wanu wokusowani,
Leimara