Layini ya Abambo Ikulira ku Salima

Mua, Dedza
19 Seputembala

Okondedwa achimwene Ezekiele,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu anga a Florence ndi ana kumeneko ku Kepi. Kodi chifuwa chija chinkamuvuta Chiyamiko chinatha? Ife kuno tilipo. Kutentha kwayamba kale, mukukudziwa kwathu kuno, ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Amayi ali bwino kupatula maso, omwe akunkerankera kuchita chifunga. Alamu anu a Kelvin ali ku Bwanje, mpunga anakolola kale, tsopano akulimbana ndi chimanga chothirira.

Mudabwa kuti ndalemba papepala ngati kale, chonsecho timayankhulana pa foni sabata iliyonse. Masambawa ndiwajambula ndikutumizireni pa WhatsApp. Nkhaniyi ndayesa katatu kuinena pakamwa, koma mukangofunsa ngati zikuyenda, ine ndimangoti zikuyenda. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Tsamba la abambo la pa intaneti linatseka. Ndikunena lija munakonza chaka chomwe munabwera ku tchuthi, pamene munatha masabata awiri mukujambula ziboliboli zawo ndi kuwatepa mawu akufotokoza chilichonse chimene anasema. Kuyambira pa 4 Ogasiti, ukalitsegula pamangobwera poyera ndi timawu ta Chingerezi toti tsambali likusamutsidwa.

Mukudziwa kuti ziboliboli zija zinapita ndi alendo kumaiko awo, ndipo foni imene munatepera anakuberani m'sitima. Ndiye kuti mawu a abambo, zidutswa makumi anayi ndi zitatu zija, kulibe kwina kulikonse kumene ali. Ine sindinakopereko ngakhale chimodzi. Ndinkati za pa intaneti sizidyedwa ndi chiswe.

Amayi ankawamvera Lamlungu lililonse tikabwerako ku Misa. Ankakhala pa mkeka, foni yanga pakhutu, mpaka batire kutha. Tsopano akwana masabata asanu ndi limodzi ndikuwauza kuti netiweki yavuta.

Ndinaimbira kampani ija ya ku Lilongwe imene imasunga tsambali. Achimwene, anthu amenewo ali ndi kanyimbo kamene amakuikira uku ukudikira, ndipo ndikakuimbirani lero sindingaphonye ndi pamodzi pomwe. Mayunitsi ankatha kanyimboko kasanathe. Tsiku lachinayi ndi pamene anayankha bambo wina dzina lake Zakariya, wa mawu ofatsa ngati akatekisiti.

Anandifotokozera kuti akusamutsira masamba onse pa makina atsopano, ndipo mwini tsamba aliyense ayenera kutsimikiza kuti ndi lake. Amatumiza manambala achinsinsi asanu ndi limodzi ku layini ya foni imene inalembetsedwa, iwe n'kuwawerengera manambalawo mphindi khumi zisanathe. Makina akalewo adzawazimitsa pa 30 Seputembala, ndipo chilichonse chosatsimikizidwa chidzafufutika. Layini imene munalembetsa ndi ya abambo.

Ndinawauza kuti mwini layiniyo anamwalira chaka chatha. Anati pepani kwambiri mayi, kenako n'kunena kuti ndiwauze eni akewo aimbe okha. Ndinabwereza pang'onopang'ono kuti munthuyo tinamuika m'manda. Ndinati ndibweretsa kalata ya imfa, ndibweretsanso ya abambo mfumu a ku parishi. Anati makina awo sawerenga makalata. Anandipatsa nambala ya dandaulo langa n'kulonjeza kuti andiimbira mawa. Manambala a madandaulo ndili nawo anayi tsopano, koma foni yawo sinandilirepo.

Apa mukuti, nanga vuto n'chiyani, foni ya abambo si ili ndi iwe Jessie? Apa ndiye pagona nkhani imene ndakhala ndikukubisirani.

Maliro aja atachitika inu osakwanitsa kubwera, munandiuza momveka bwino kuti foni ya abambo ikhale yoyaka, ndiziikamo mayunitsi mwezi uliwonse kuti layini isafe. Ndinavomera. Koma tsiku la m'meto, azakhali a Esinati, alongo awo a abambo, anasonkhanitsa zinthu zonse za malemu: kasemasema, matchizulo osemera, jekete ya Lamlungu, korona ndi foni. Anamanga m'chitenje n'kunena kuti mtolowo usakhudzidwe mpaka m'meto wachiwiri. Ndikanatha kuwapempha, mwina akanamva. Koma m'masiku a maliro foni ija inkangolira, ogula ziboliboli akufunsa ngati a Phiri alipo, ndipo ikalira amayi ankayambiranso kulira. Azakhali atayizimitsa, mtima wanga unakhala pansi. Foniyo ndinaisiya dala mu mtolomo.

Mwezi uliwonse munkandifunsa ngati ndaika mayunitsi, ine n'kumati ndaika. Ndinakunamizani kasanu ndi kanayi, achimwene. Mtolo unamasulidwa mu Julayi titakolola. Nditayatsa foniyo, simukhadi inali itafa. Ndinati ndikonza mwezi wamawa, paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

A Zakariya atanena za layini, ndinaimba nambala ya abambo ija. Inalira. Anayankha mtsikana akutafuna chinachake, n'kunena kuti ndi ku Tikhutenso Lesitilanti, ku Salima. A kampani ya mafoni anandiuza kuti layini ikagona miyezi yambiri amaipereka kwa wina, ndipo kuibweza sikutheka. Mtsikana uja anati foniyo ndi ya abwana ake, a Gladys, ndipo nkhani zotere ndikaonane nawo maso ndi maso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinakwera minibasi pa Mtakataka. Amayi ndinawauza kuti ndikukagula mankhwala a maso.

Malo amenewo ali ndi lamulo loti sukhala pa mpando osagula chakudya. Ndinaitanitsa mpunga wa nkhuku. Patatha ola lathunthu mtsikana uja anabwera kudzandiuza kuti nkhuku inatha dzulo. Ndinati bweretsani chomwe chilipo. Anakakhala kaye pa wailesi ya kanema mpaka filimu inatha, ndiye n'kubweretsa nyemba zozizira ndi mpunga wolimba pakati. Ine mkazi wa mlimi wa mpunga kundipatsa mpunga wosapsa! Ndinadya osadandaula, poopa kukwiyitsa anthu amene ndikuwafuna. Cha m'ma 3 koloko ndi pamene anakumbukira kundiuza kuti a Gladys anapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ndipo foni anapita nayo.

Ulendo wachiwiri a Gladys ndinawapeza. Ndi mayi wamkulu thupi, wosaseka, foni amaisunga m'thumba la epuloni. Ndinafotokoza zonse, iwo akuwerenga mabotolo a Fanta. Anati chabwino, uthengawo ubwere tione. Ndinaimba ku Lilongwe, kanyimbo kaja. Ndinaimbanso, anati a Zakariya apita kukadya ndipo ndi okhawo amene amatumiza manambala. Ndinadikira maola atatu pamaso pa mbale ya chambo chimene chinakazingidwa sindikudziwa liti. Pamene a Zakariya ankabwerako ku nkhomaliro yawo, a Gladys anali atapita ku msonkhano wa banki m'khonde. Chambocho chinanditsegula m'mimba masiku awiri.

Ulendo wachitatu unali Lachiwiri lapitali. Ndinapangana ndi a Zakariya kuti 10 koloko yeniyeni, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anayankha. A Gladys anali ataima patsogolo panga. Ndinamva foni ikulira m'thumba la epuloni lija, ndipo ndinatsala pang'ono kugwada.

Anaitulutsa n'kuwerenga uthengawo mwakachetechete. Kenako anawerenga mokweza mzere wa pansi wokha kuti onse odya amve. Pansi pa manambalawo a kampani analemba kuti musauze munthu wina aliyense manambalawa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mng'ono wawo anaberedwa ndalama zonse za m'foni mwa njira yomweyi, ndipo wakubayo nayenso ankalira kuti bambo ake amwalira. Ndinatulutsa kalata ya imfa, iwo anati makalata otero amasindikiza pa msika. Ndinapempha kuti ayankhule okha ndi a Zakariya pa foni yanga, iwo anati akuba amayenda awiriawiri. Anafufuta uthengawo ine ndikuona, n'kundiuza kuti ndikadzapondanso pamenepo adzandiitanira apolisi.

Anthu anasiya kudya n'kumandiyang'ana. Bambo wina anati n'zomvetsa chisoni, mayi wooneka bwinobwino, korona m'khosi. Ndinatuluka tiyi amene ndinaitanitsa asanabwere, ndipo ndinalira m'minibasi kuchokera ku Salima mpaka pa Chipoka.

Chowawa n'chakuti a Gladys sindingawaimbe mlandu. Chakudya chawo n'choipa, koma pa manambala paja anachita zomwe tonse timalangizana. Ine ndemwe ndinawaphunzitsa amayi kuti munthu akaimba kufunsa manambala azidula foni. A Zakariya nawo akuti lamulo si lawo. Aliyense ndi wokhoza, wolakwa ndine ndekha, ndipo ndangokhala ngati nsomba ya m'mono.

Dzana a Zakariya anatchula chinthu chimene akanatha kunena tsiku loyamba lija. Akuti pali njira ina imodzi. Tsambali linalembetsedwanso ndi imelo, ndipo mwini imeloyo akawalembera kuchokera pa imelo yomweyo, n'kutumiza chithunzi cha chiphaso chake, akhoza kusintha layini. Anandiwerengera zilembo zoyamba zokha, e, z, e. Ndi yanu, achimwene.

Ndisanamenso. Ndinkadziwa kuyambira pachiyambi kuti inu mukhoza kukhala ndi njira, poti tsambali munakonza ndinu. Ndinasankha kudya nyemba zozizira ku Salima kusiyana ndi kukuuzani kuti ndinakunamizani. Ndinkaopa mawu anu. Ndinkaopanso chifukwa ine ndi amene ndinakunenani kwa abale kuti munalephera kubwera kudzaika bambo anu, pomwe chinthu chimodzi chokha chimene munandipempha ndinachitaya. Masabata asanu ndi limodzi ndawononga chifukwa cha manyazi, ndipo atsala masiku khumi ndi limodzi.

Pempho langa ndi ili. Mundikalipire mmene mungafunire, koma mundikalipire mutalemba kaye imeloyo. Adiresi yawo ndi nambala ya dandaulo ndalemba kuseri kwa tsamba lino. Akuti amayankha pakatha masiku asanu ogwira ntchito, ndipo asanu awo ndawaona mmene amatalikira, ndiye chonde lembani lero. Ndikukumbukira kuti foni ija itabedwa munadandaula kuti zinthu zina simukuthanso kuzitsegula. Ngati imeloyi ili m'gulu limenelo, musandibisire monga ndinachitira ine. Mundiuze msanga kuti ndidziwe chowauza amayi.

Ndanena kuti ndimawauza za netiweki, koma sindikhulupirira kuti akuvomereza. Lamlungu lapitali sanafunse foni. Anayala mkeka pamalo pawo paja, n'kundiuza kuti pali kachidutswa kamodzi kamene akukasowa. Abambo akufotokoza chiboliboli cha mayi wosenza mtsuko, kenako akudukiza n'kukuwa kuti aNambewe, ingitsani nkhuku izi zikundisokoneza, amayi akuyankha chapatali kuti nkhukuzo nazo zikufuna kupita ku Ulaya, onse awiri n'kuseka. Anati mawu onsewo akuwakumbukira bwinobwino, koma akayesa kukumbukira kasekedwe ka abambo, sikakubweranso. Anandifunsa ngati netiwekiyo idzabwere iwo akadali ndi makutu.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. A Kelvin akupereka moni, azakhali a Esinati nawonso, ngakhale za nkhaniyi sakudziwa ndipo musawaimbe mlandu. Ambuye akusungeni pa ntchito ndi m'misewu ya kumeneko. Foni yanga ndaitchaja, ndipo ikhala m'manja.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Jessie