Chipepeso Chochedwa pa Imfa ya aNamawaya

Kwa amuna a malemu, ana, adzukulu ndi abale onse, komanso kwa anthu onse amene akudyerera luso la malemuwa osadziwa mwini wake,

Ife a Bungwe la Akatswiri a Makompyuta ndi Mauthenga talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mayi wathu, mphunzitsi wathu ndi mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lino, amene tonse, akulu ndi ana omwe, tinkawatchula kuti aNamawaya. Chisoni chathuchi chabwera chitabereka manyazi kumsana, pakuti uthengawu tauwerenga maliro ataikidwa kale, olira atabalalika, ndipo sitingaloze chala mvula, mphepo kapena netiweki. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho ine wapampando ndifotokoza poyera mmene zinakhalira.

Pakhoma la ofesi yathu, pakati pa zenera ndi kabati ya mafayilo, pali kabokosi kachitsulo kovala kansalu kobiriwira. Anakapanga ndi malemuwa, ndipo kansaluko anasoka ndi amuna awo, amene ndi telala. Ntchito ya kabokosika ndi kulandira mauthenga obwera pa nambala ya bungwe ndi kuwasanthula, ndipo kakapeza wa matenda, wa moto kapena wa maliro, kamalira ndi kuyatsa getsi lofiira mpaka munthu atauwerenga. Tsoka lake, chipindacho chili ndi soketi imodzi yokha yamoyo, yomwe ife odziwa zamagetsi takhala tikulonjezana chaka ndi chaka kuti tiwonjezera ina. Itabwera ketulo yatsopano, pulagi ya kabokosi inazulidwa. Dzanja limene linazula sitikulidziwa ndipo sitikulifufuza, chifukwa tiyiyo tinamwa tonse.

Sabata yatha ketuloyo inapsa. Mlembi wamkulu wa bungwe, poona soketi ili padera, anabwezeretsamo pulagi yakale ija, ife tili mkati mokangana za mtundu wa makatani oti tigule. Kabokosi kanalira nthawi yomweyo. Uthenga woyamba unali woti amayi ali m'chipatala ndipo akufunsa za ife. Wachiwiri unali woti atisiya. Womaliza unanena tsiku la maliro, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Takusungirani mipando kutsogolo." Mlembi anawerenga mokweza, ndipo palibe amene anayang'ana mnzake kumaso.

Tsiku lomwelo ine ndi mlembi tinapita kunyumba ya anamfedwa. Pakhonde tinakumana ndi mwana wamkazi wamkulu wa malemu, amene ndi namwino, akuyanika zovala. Sanatikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Anatifotokozera mofatsa kuti woyendetsa mwambo wa maliro anaitana dzina la bungwe lathu, anadikira, anaitananso, anthu n'kumatembenuza makosi kuyang'ana kumsewu, mzere wonse wakutsogolo uli mbee. Kenako anati, "Amayi ankakunyadirani ngati ana obala okha. Ife tinkadya mochedwa chifukwa cha misonkhano yanu. Ndiye lero mwadzatani, mwadzaona ngati tinakwanitsa kukwirira?" Tinangopempha kuti tionane ndi bambo awo.

Bambo awo tinawapeza m'chipinda chosokera, atakhala pa makina koma osaponda. Anatipatsa benchi, anatifunsa za moyo wathu mmodzimmodzi ngati kuti ofedwa ndife. Anati nambala ina ya bungwe sankaidziwa, poti malemu anawauza kalekale kuti chikadzachitika chinthu adzangotumiza pa imeneyo, kumeneko uthenga sufa. Masiku onsewa iwo ankadziimba mlandu okha, kuganiza kuti mwina anaphonya nambala imodzi poilemba. "Paja ine ndine telala, zala zanga zinazolowera singano," anatero. Titawauza za ketulo anaseka pang'ono, n'kupukuta maso ndi kansalu kotsala.

Chimene chinawapweteka si mipando ayi. Iwo anati: "Mayi aja ndakhala nawo moyo wanga wonse. Ndikudziwa nsapato imene inkawaluma, ndikudziwa nyimbo imene ankaiphonya. Koma adzukuluwa akandifunsa kuti agogo ankapanga chiyani m'galaja muja, ine ndimangoti mawaya. Ndinkafuna munthu wodziwa aime pamaso pa anawa, anene zomveka, asakule akuganiza kuti agogo awo ankangosewera ndi zinyalala." Anatiuza kuti tilembe, koma tilembe moti mwana wa sukulu amve. Zoti tidzabwere kudzawerenga pamaso pa banja, anati mwini mawu ndi mwana wawo uja, chifukwa ndiye anagona pansi m'chipatala.

Choncho, inu adzukulu, imvani zimene tinayenera kunena tsiku lija. Agogo anu anayamba ntchito akukwera mapolo a telefoni pa nthawi imene anthu ankaima mumsewu kudabwa mzimayi atavala ovolosi, ndipo makompyuta anawaphunzira ali kale ndi mwana kumsana. Chinkawawawa mtima n'chakuti kumadera kumene netiweki imabwera ngati mlendo, uthenga wa munthu wodwala unkafera panjira. M'galaja muja, pakati pa mabatire akutha ndi mawailesi ophwasula, anapeza njira yoti uthenga ukasowa podutsa udikire, kenako udumphe kuchoka pa chipangizo china kupita pa china mpaka ukafike. Imeneyi ndiyo inali patenti yawo yoyamba, ndiye kuti chiphaso chotsimikiza kuti nzeruyo anayamba kuiganiza ndi iwo. Pambuyo pake anakonza zoti nsanja za mafoni zoyendera dzuwa zizigona mosinthana mabatire akafooka, kuti dera lonse lisakhale chete nthawi imodzi. Analembanso pulogalamu yochepetsa kulemera kwa zithunzi za m'chipatala, moti namwino wakutali amatha kutumiza chithunzi cha fupa lothyoka kwa dokotala wa mumzinda pa netiweki yofooka, wodwala asanakwezedwe galimoto. Patenti yomaliza inali ya kabokosi kaja, kamene lero kali m'zipatala ndi m'maofesi a ozimitsa moto.

Sanali munthu wophweka, ndipo sitiwanamizira. Ankang'amba mapulani a munthu pamaso pake, kenako n'kukhala naye mpaka atajambula abwino. Wophunzira akabwera ndi mawu akuluakulu achingerezi, ankamuuza kuti akafotokozere kaye amuna awo, ndipo akamva atelala ndiye kuti chinthucho chakhwima. Ambiri mwa ife amene lero tikuvala mataye ndi kukhala kutsogolo pa misonkhano tinaphunzira kuwotcherera waya pa tebulo lawo, tikudya buledi wa ana awo. Atapuma pa ntchito tinawapatsa chikho chagalasi ndi kuwaombera m'manja, ndipo kuchokera pamenepo njira ya kwawo inamera udzu. Tikanakhala anthu oyendera makolo athu, sitikanadikira kabokosi kuti katiuze zoti akudwala.

Tikuyenera kuchitira umboni chinthu chimodzi pamaso pa onse. Luso la aNamawaya silinalephere. Uthenga wa bambo unasowa podutsa, unadikira monga momwe iwo anaukonzera, ndipo mpata utangopezeka unafika wathunthu. Bambo, nambala simunaphonye.

M'malo mwa komiti, mamembala onse ndi ogwira ntchito a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, kwa ana, adzukulu ndi abale onse, pa imfayi komanso pa manyazi amene tinakuchititsani pagulu pa tsiku limene munafunika phewa lotsamira. Madzi akatayika sawoleka, ndipo sitikupempha kuti muiwale. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, atonthoze mitima yanu, ndipo mayi wathu agone mwamtendere atagwira ntchito yawo mokwana.

Kwa inu achemwali athu, amene munatifunsa chimene tinadzera, yankho lathu ndi ili: tikupempha kuti mutilole tidzaime pakhomo panu, tidzanene mawu awa ndi pakamwa pathu ana akumva. Mipando musavutike nayo, tidzaimirira. Mukakana tidzamvetsa, ndipo kalatayi muwasungire ana. Mukalola, tumizani uthenga pa nambala yomwe ija. Soketi ija tsopano ndi ya kabokosi kokha, ndipo tebulo langa ndalisunthira pansi pake.

Ine wanu wogwidwa ndi chisoni ndi manyazi,

Wapampando,
Bungwe la Akatswiri a Makompyuta ndi Mauthenga